Mwana akafuna maphunziro a HR, tiyambe taidziwa ntchito yake

Amayi anzanga, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikatuluka, kapena mwana akabwera pakhomo ndi pepala la digiri m'manja, nkhani ya tsogolo lake imagwera pamkeka wanu. Bambo amafunsa kuti fizi ndi zingati, koma za kumtima mwana amakuuzani inu. Masiku ano si ochepa ana athu amene akutchula maphunziro a Human Resource, omwe amangowadula kuti HR. Mukafunsa kuti chimenecho n'chiyani, yankho limabwera msanga: "Ndi amene amalemba anthu ntchito, amayi." Mtima umakhala m'malo. Mumaona kale ofesi, mpando wawofuwofu, ndi mwana wanu atavala bwino akusaina makalata. Musanagulitse mbuzi kapena kutenga ngongole ku banki mkhonde, ndibwino tidziwe chimene munthu wa HR amachita kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, komanso ngati khomo lake limatsegukira wongochoka kumene pasukulu.

Kulemba anthu ntchito ndi kagawo kochepa chabe. Ife a m'zipatala timaidziwa bwino ofesi imeneyi chifukwa moyo wathu wonse wapantchito uli m'mafayilo ake. Kalata imene adakulemberani ntchito ili mmenemo. Masiku a tchuthi amene mwatenga ndi amene atsala amawerengedwa mmenemo. Namwino akakwezedwa giredi koma malipiro osasintha, amagogoda pakhomo limenelo. Mlonda akavulala pantchito, mapepala a chipukuta misozi amayambira pamenepo. Wantchito akamwalira, wa HR ndiye amathamanga ndi za bokosi ndi galimoto, ndipo maliro akatha ndi iye amene amakhala pansi ndi wamasiye kufotokoza za ndalama zimene womwalirayo wasiya ndi amene adalembedwa kuti alandire. Pamene pali mitala kapena ana a kunja, tsiku limenelo silikhala lophweka.

Zonsezi zimayenda ndi malamulo, ndipo mwana amene sakonda kuwerenga malamulo adzavutika. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limanena kuti munthu wogwira ntchito masiku asanu pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 15 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu ndi limodzi ali ndi masiku 18. Mayi woyembekezera ali ndi masabata asanu ndi atatu a uchembere akulandira malipiro ake onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse, ndipo kuchokera mu 2021 bambo nayenso ali ndi masabata awiri mkazi wake akachira. Pa penshoni, pa K100 iliyonse ya malipiro wantchito amadulidwa K5, wolemba ntchito n'kuikapo K10. Pali msonkho umene umadulidwa pamalipiro kupita ku MRA mwezi ndi mwezi. Ndipo lamulo lomweli limati munthu sangachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo. Wa HR akalumpha sitepe imodzi pamenepa, nkhani imakathera ku khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court, ndipo bungwe limatha kulipira ndalama zambiri ngakhale wochotsedwayo adalakwadi.

Kuti ntchito imeneyi ndi yofunika, ine sindikaika. Amene tidali m'mawodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tikukumbukira mmene anamwino ankachokera, ena kupita ku Britain, ena ku mabungwe olipira bwino, ena kumanda chifukwa cha Edzi. Mzamba mmodzi ankatha kugona yekha usiku ndi amayi odzaza wodi. Mu 2004 boma lidayambitsa ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi yopulumutsa ntchito zaumoyo, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund. Malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zachipatala adaonjezeredwa ndi 52 peresenti, ndipo sukulu za anamwino, kuphatikizapo za pansi pa CHAM, zidakuzidwa kuti zizitenga ophunzira ambiri. Mankhwala a vuto limenelo sadali mubotolo. Adali kuwerenga bwino kuti tili ndi anthu angati, akuchokeranji, ndipo chingawasunge n'chiyani. Imeneyo ndiyo HR ikamagwiridwa ndi anthu odziwa.

Tsono vuto lili pa khomo lolowera.

Taganizani za chipatala chimene mumachidziwa. Muli anamwino, azamba, madokotala, oyeza magazi, ophika, ochapa, alonda, oyendetsa ambulansi. Ofesi ya HR ili ndi anthu angati? Kawirikawiri mungawawerenge pa dzanja limodzi zala n'kutsalako. Sukulu yasekondale imafuna aphunzitsi ambiri, koma mwina ilibiretu wa HR. Sitolo, chigayo, kampani yaing'ono yomanga nyumba, mwini wake kapena wowerengera ndalama ndiye amalemba anthu ndi kuwalipira. Malo a HR amapezeka kumene kuli antchito ochuluka: m'boma, m'makhonsolo, m'mabanki, m'makampani a foni, m'minda ya tiyi ndi nzimbe, m'mabungwe akuluakulu. Ndipo amene ali pamipandoyo sachokapo msanga.

Chachiwiri n'chakuti khomo limeneli lilibe mlonda. Munthu sangagwire unamwino kapena uzamba popanda kulembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, kotero malo a namwino akatuluka, opikisana nawo ndi anamwino okhaokha. Sindikunena kuti anamwino onse amapeza ntchito msanga, ayi. Tili nawo ophunzira athu amene adamaliza bwino koma akudikirabe kunyumba, ndipo zimandiwawa ndikakumana nawo pamsika. Koma malo a HR akalengezedwa m'nyuzipepala, amafunsira amene adaphunzira HR, amene adaphunzira za kayendetsedwe ka boma, za bizinesi, ena ngakhale za malamulo. Pansi pa chilengezocho pamakhalanso mzere umene umagwetsa ana athu ulesi, wakuti wofunsira akhale atagwirapo ntchito yotere zaka ziwiri, zitatu kapena zisanu. Olemba ntchito sachita zimenezi mwankhanza. Munthu wa zaka 23 amene sadalandirepo malipiro n'kovuta kumutuma kukaweruza mlandu wa dalaivala wa zaka 55 amene wagwira ntchito pamalopo iye asadabadwe.

N'chifukwa chake ambiri mwa akuluakulu a HR amene ndagwira nawo ntchito sadayambire pampando umenewo. Ena adali makalaliki osunga mafayilo, ena alembi, ena a ku ofesi ya malipiro, ena aphunzitsi. Adayamba adziwa mmene malo antchito amapumira, kenaka n'kukaonjezera sukulu, ena ku Mpemba kumene antchito a boma akhala akusulidwa kwa zaka zambiri. Maganizo anga ndi akuti HR imakoma kwambiri ikakhala sitepe yachiwiri. Kwa mwana amene akusankha kumene maphunziro, ndingakonde atatenga amene ali ndi makomo angapo, monga za bizinesi kapena zowerengera ndalama, HR ili mkati mwake, kusiyana n'kutsamira pa khomo limodzi lopapatiza. Koma ngati mtima wake uli pa HR yeniyeniyo, musamuletse. Mungomuuza zoona kuti chaka choyamba kapena chachiwiri akhoza kukhala akupanga mafotokope ndi kusanja mafayilo afumbi, pa malipiro osafanana ndi digiri yake, ndipo asachite nazo manyazi.

Amene wamaliza kale ali ndi zochita m'malo mongodikira foni. Adziwe kompyuta moti n'kutha kukonza ndandanda wa malipiro a anthu makumi asanu pa Excel, msonkho ndi penshoni zitadulidwa molondola. Luso limeneli lokha limasiyanitsa ofunsira ntchito awiri amene mapepala awo ndi ofanana. Alembe Chingerezi chomveka, chifukwa kalata yochenjeza wantchito ikalembedwa mokhota imadzawerengedwa kukhoti. Boma lakhala likutumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi ake kuyambira mu 2018. Mwayi umenewu ukalengezedwa afunsire, ngakhale atamutumiza kuboma lakutali. Pali bungwe la akatswiri a ntchitoyi, Institute of People Management Malawi, kumene angadziwane ndi amene ali kale m'ntchito.

Za sukulu ndinenepo mawu amodzi, chifukwa apa ndi pamene ndalama za makolo zimamira. Maphunziro a HR safuna labotale kapena wodi yophunzirirapo, kotero n'kosavuta kutsegula kalasi pamwamba pa sitolo n'kumaphunzitsa. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ku National Council for Higher Education, NCHE, ndipo funsaninso ngati maphunziro a HR enieniwo ndi ovomerezeka, poti sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pamene ena mwa maphunziro ake sadavomerezedwe. NCHE imatulutsa mndandanda. Mwanayo akuonetseni dzina la sukulu yake pamenepo ndi maso anu. Safunsa adadya phula.

Komabe chachikulu kuposa mapepala ndi mtima wa mwanayo, ndipo apa palibe amene akukuposani kudziwa. Kodi amasunga chinsinsi? Wa HR amadziwa malipiro a aliyense, amene ali ndi ngongole, amene banja lake likutha, amene amapempha tsiku mwezi uliwonse kuti akalandire ma ARV. Mawu amodzi otayika pa nthawi ya tiyi akhoza kumuchotsa munthu ulemu pamaso pa anzake mpaka kalekale. Mwana amene nkhani za pakhomo panu zimamveka kuchitsime dzuwa lisadalowe, muganizirepo kawiri.

Kodi ali ndi msana? Malipiro ake amachokera kwa bwana, koma olira amabwera kwa iye. Bungwe likaganiza zochepetsa antchito, ndi iye amene amapereka makalata kwa anthu amene amadya nawo nsima masana. Ogwira ntchito amamuona ngati wa mabwana, mabwana amamuona ngati wokondera antchito, ndipo nthawi zina amabwerera kunyumba opanda mnzake. Palinso nkhani ya atsikana ovutitsidwa ndi akuluakulu apantchito. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limaletsa mchitidwe umenewu, koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha dandaulo likalembedwa ndi kutsatidwa. Mtsikana wongoyamba kumene akabwera akunjenjemera kudzanena za munthu amene amasainira malipiro a wa HR yemweyo, fayilo ija imayenda kapena imasowa malinga ndi mtima wa amene wailandira. Ndidaonapo pamalo ena dandaulo lotere litakhala m'dirowa mpaka wodandaulayo adasiya yekha ntchito. Ndidaonaponso mayi wina wa HR, wofatsa, wosakweza mawu, amene adaiyendetsa nkhani yotere mpaka pamapeto ngakhale ankadziwa kuti mpando wake ukugwedezeka.

Tsopano ndifike pa ife eni, amayi, poti gawo lina la katundu wa ana amenewa timawasenzetsa ndife. Mwana akangolowa mu ofesi ya HR, mudzi wonse umamva kuti mwana wa uje ndi amene akulemba anthu ntchito. Azakhali amabwera ndi satifiketi ya mwana wawo. Mnzathu wa m'gulu amatinong'oneza pambuyo pa msonkhano kuti mumuuzeko mwana wanu uja, ngakhale kokolopa. Ifenso, posafuna kuoneka odzikonda, timanyamula envulopu n'kukampatsa mwanayo pamodzi ndi ufa umene tamutengera. Iye sangatikanire pamaso, koma tamuika pamoto. M'malo ambiri olongosoka wa HR sasankha yekha munthu. Pamakhala gulu loyesa ofunsira, ndipo m'boma muli makomishoni amene amalemba anthu. Akayesa kukhotetsa zinthu kuti msuweni alowe, amene angachotsedwe ntchito kapena kukayankha ku ACB ndi iye, azakhali aja ali phee kwawo. Akakana, pamaliro amamunena kuti sukulu idamuchotsa umunthu. Ngati mukuvomera kuti mwana wanu atenge ntchito imeneyi, vomeraninso kuti envulopu zotere zizithera m'manja mwanu, ndipo kukana kuzichokera pakamwa panu.

Mwana akadali pa mphambano, mupezereni mpata wocheza ndi munthu amene akugwira kale ntchitoyi, kaya kuchipatala chapafupi, kukhonsolo kapena kuesiteti. Asakafunse za malipiro okha. Akafunse kuti munthuyo adayambira pati, zidamutengera zaka zingati kuti afike pamene ali, ndipo tsiku limene adabwerera kunyumba osatha kudya lidali lotani. Amene ali ndi digiri kale ndipo akudikira, akadzipereke ngakhale miyezi itatu pa sukulu, pa chipatala kapena pa bungwe laling'ono limene mafayilo a antchito ake ali m'katoni. Akawasanje, akonze kaundula wa tchuthi, aone amene alibe kalata yolembedwera ntchito. Pochoka apemphe kalata ya umboni yonena zimene wachita, yokhala ndi deti ndi chidindo.