Galu wosakhazikika amafuna ntchito, osati ndodo

M'madoko a Metangula ndi Cóbuè, m'boma la Lago, tiagalu tosakhazikika timadanitsa anansi: timaba usipa pathandala ndi kupirikitsa nkhuku. Kawirikawiri galu wotere amangosowa chochita. Mwini wake azimuyendetsa m'mawa ndi madzulo, n'kumusiya asake makoswe kunkhokwe.

Pomuphunzitsa, onse pakhomo azimuuza mawu amodzimodzi, monga "bwera" ndi "leka". Akamvera apatsidwe kansomba pompo. Ndodo imangomuchititsa mantha ndi ukali. Nthawi yoyanika usipa amangidwe pamthunzi, madzi akumwa ali pafupi.

Katemera wa chiwewe abayidwe ali ndi miyezi 3, kenako chaka chilichonse. Munthu akalumidwa atsuke balalo ndi sopo kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.