Phudzi Si Nthenda Yobisa

M'mipingo yathu ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga muli amuna amene amayenda ndi chotupa m'mphechepeche zaka ndi zaka osauza munthu, ngakhale akazi awo. Bambo amalolera kuleka kupalasa njinga, nanena kuti msana wavuta, kusiyana ndi kutchula dzina loti phudzi. Ena amaloza chala mbale wawo kuti ndiye anawatchera, ndipo milandu yotere imafika mpaka kwa akulu a mpingo.

Koma nthendayi ili ndi chiyambi chodziwika. Minofu ya pamimba imakhala ndi malo ofooka, ndipo thumbo limatulukira pamenepo, nthawi zina n'kutsikira kumaliseche. Ena amabadwa nawo malowo. Kusenza katundu wolemera, chifuwa chosatha, kudzimbidwa ndi kudzikakamiza pokodza zimakulitsa mpatawo. Pafupifupi mwamuna mmodzi mwa anayi amakumana nayo pa moyo wake. Dziwani kuti liliponso phudzi la madzi okhaokha, limene silibwerera munthu akagona chagada. Osiyanitsa ziwirizi ndi achipatala.

Choopsa chili apa. Tsiku lina thumbo lija limapanikizika pampatapo, magazi osafikako. Chotupa chimalimba, chimapweteka kwambiri, sichibwereranso m'kati. Munthu amasanza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka. Pakangopita maola ochepa thumbolo limayamba kufa. Pamenepo musadikire kuti kuche, musatumize kaye mwana kukaitana abusa. Nyamulani wodwalayo, tidzapemphera tili m'njira. Mtumwi Paulo sanachite manyazi kuyenda ndi Luka, amene anali sing'anga (Akolose 4:14).

Palibe mtengo, mphini kapena lamba wotseka mpata umenewu. Mankhwala ake ndi opaleshoni, ndipo imakhala yopepuka munthu akapita chotupa chikadabwerera. Kuyambira m'chaka cha 1984 dziko lathu la Mozambique lakhala likuphunzitsa ma técnico de cirurgia, amene amachita ntchitoyi m'zipatala za m'maboma. Yambani kukafunsa ku chipatala cha kwanu, ndipo adzakutumizani ku Ulónguè kapena ku Tete.

Mchombo wotuluka wa khanda usakudetseni nkhawa, pakuti kwa ana ambiri umatsekeka wokha asanakwane zaka 5. Kumangirirapo ndalama yachitsulo kungonyula khungu la mwana.

Kwa inu amayi, nkhani ndi ina. Pathupi pakakula, minofu iwiri yotsika pakati pa mimba imatalikirana, makamaka kwa amene abereka kangapo kapena mapasa. Podzuka pamphasa mumaona kamzere kotukuka pamwamba ndi pansi pa mchombo. Apa palibe chibowo, ndipo thumbo silipanikizika. Kwa ambiri minofuyo imayandikananso m'miyezi yoyamba atachira, koma mimba imakhala yofooka ndipo msana ukhoza kumawawa. Podzuka muziyamba mwatembenukira kumbali. Ndipo inu abambo ndi apongozi, ndowa ya malita 20 ndi mtolo wa nkhuni asenze wina kufikira anamwino atanena kuti mayiyo walimba.