Mbuzi yalipidwa, koma mlandu ukadalipo

Ntchito yanga ndi kuthandiza anthu pa nkhani za malamulo kuno ku Ulongué, ndipo funso limene ndimalimva kawirikawiri ndi ili: "Bambo, kumudzi tagwirizana kale, mbuzi yalipidwa, nanga mlandu tiuchotsa bwanji kupolisi?" Ndikayankha kuti sungachoke, ena amaganiza kuti pali wina akufuna kangachepe. Ayi ndithu, ndi mmene lamulo linapangidwira.

M'malamulo a Mozambique muli milandu imene imayenda pokhapokha wolakwiridwayo atadandaula, ndipo akakhululuka imathera pomwepo. Palinso ina imene boma limaitenga ngati yake: ikangodziwika, a procurador, oimira boma pa milandu, amaiyendetsa ngakhale mwini wake atabweza mawu. Nkhanza za m'banja, pa Lamulo 29/2009, zili m'gulu lachiwirili. Kukwatira mwana wosakwana zaka 18, pa Lamulo 19/2019, kulinso momwemo. Opanga malamulo anachita dala kutero podziwa kuti mtsikana akazunguliridwa ndi amalume, ankhoswe ndi apongozi, "ndakhululuka" wakeyo sachokera mumtima.

Akuluakulu akamati kale sizinali chonchi, sanama. Buku la milandu limene Apwitikizi anatisiyira, la 1886, linkalola wogwirira mkazi kupewa ndende ngati wamukwatira. Pokonza buku latsopano mu 2014, aphungu anatsala pang'ono kusunga ndime imeneyi, mpaka amayi ndi mabungwe monga Fórum Mulher ndi WLSA anaguba ku Maputo mu Malichi chaka chomwecho, ndimeyo n'kuchotsedwa. Lamulo la mabanja la 2004 nalo linkalola ukwati pa zaka 16 makolo akavomera. Mpata umenewu unatsekedwa mu 2019.

Lero munthu wamkulu wokhala pabanja ndi mwana amalandira zaka 8 mpaka 12. Kholo lovomereza ukwatiwo, zaka 2 mpaka 8. Mfumu kapena mtsogoleri wa mpingo wodalitsa ukwati wotero akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 2. Mawu oti "anafuna yekha" sagwira ntchito, oti "anatha kale msinkhu, anavinidwa" sagwiranso. Woweruza amafunsa zaka basi.

Pamene mkangano umakula ndi m'chipinda cha anthu okwatirana. Lamulo la 2009 limati kugona ndi mkazi wako kapena chibwenzi chako iye asakufuna ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi miyezi 6 mpaka zaka 2. Ndikanena zimenezi pamsonkhano, sipalephera bambo wina kuimirira: "Ng'ombe ndinapereka, ndiye ndizipemphanso?" Eya, muzipempha. Malowolo amamanga ubale wa mabanja awiri, ankhoswe amachitira umboni ukwati, koma palibe mmodzi wa iwo amene angavomere m'malo mwa mkaziyo usiku uliwonse wa moyo wake. Kwa ine chilangochi n'chochepa, poti bala lake n'limodzimodzi kaya wachita ndi mlendo kaya ndi mwamuna wa m'nyumba.

Pamalo a mowa mumamveka zoti "jenda yationongera akazi," kuti awa ndi malamulo a ku Maputo ndi azungu. Owerenga lamulo la 2009 lija mpaka kumapeto ndi ochepa: lili ndi ndime yoti limatetezanso mwamuna wozunzidwa ndi mkazi wake, kungoti amuna amachita manyazi kubwera. Za azunguzo, tangowolokani malire pa Calomue. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, Mngoni mnzathu, inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa nyakwawa zowaloleza, ndipo inachita zimenezi ndi mphamvu za ufumu. Amene amaganiza zothawitsira kamtsikana ku Lizulu adziwenso kuti Malawi anakonza malamulo ake aakulu mu 2017, ndipo kumenekonso ndi zaka 18.

Dandaulo limene ndimalimvetsa ndi la amayi eni ake. Mayi amabwera nkhope yotupa Lolemba, Lachinayi wabweranso kudzapempha kuti bambo atuluke, chifukwa kachewere wakhwima kumunda, ngongole ya feteleza ikudikira, ndipo wonyamula matumba panjinga kupita kumsika ndi yemweyo. Sindimuweruza. Ndimamuuza kuti si mlandu uliwonse umathera m'ndende: pa nkhanza zazing'ono khoti likhoza kupereka ntchito yothandiza anthu m'malo mwa ndende, likhoza kulamula bambo kuchoka panyumba kwa kanthawi, ndiponso kuti azipereka ndalama yosamalira ana. Wopanda ndalama ya loya amathandizidwa ulere ku IPAJ, ndipo za ana mukhoza kuimba 116.

Milandu yambiri imagwa pa zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuchedwa. Wogwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72, asanasambe ngati n'kotheka, kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndiponso kuti adokotala alembe zimene aona. Masiku amene banja limataya likukambirana za chindapusa ndi omwewo amene umboni umafufutika. Chachiwiri ndi zaka za mwana. Mtsikana wosalembetsedwa ku Registo Civil amafika kukhoti, amayi ake akuti ali ndi zaka 15, amalume amene analandira ndalama akuti 19, ndipo woweruza amayamba kufunafuna khadi la sikelo, kaundula wa sukulu kapena buku la ubatizo kumpingo, miyezi n'kumapita mwamunayo ali kunja.