Bwanji foni imakuuzani kuti mulembe 8 m'malere?

Mukatsegula Google Maps, kamuvi n'kumaloza kolakwika, foni imatha kukupemphani kuti muiyendetse m'malere ngati mukulemba 8. Ambiri amangoti n'zachibwana. Ayi ndithu, pamenepa pali fizikisi yeniyeni.

M'kati mwa foni muli kasensa kotchedwa magnetometer, kochepa kuposa njere ya mpunga. Kamayeza mphamvu ya maginito mbali zitatu: x, y ndi z. Masensa ambiri otere amadalira Hall effect, yomwe Edwin Hall anatulukira mu 1879. Magetsi akamadutsa m'kachitsulo kopyapyala, maginito amawakankhira mbali imodzi, ndiye pamabadwa kavoteji kakang'ono koti n'kuyezedwa.

Vuto n'loti maginito a dziko lapansi ndi ofooka, pakati pa 25 ndi 65 microtesla basi. Pomwe foniyo ili ndi maginito akeake, mwachitsanzo mu sipika. Kasensa kamawerenga zonse mophatikiza. Ndiye mungazilekanitse bwanji?

Ine ndimauza ophunzira anga chonchi: maginito a m'foni amatembenuka limodzi ndi kasensa, choncho zomwe amawonjezera sizisintha. A dziko satembenuka nawo, ndiye nambala yawo imasintha. Tiyerekeze kuti foni ili chogona patebulo, x yaloza kumpoto ndipo ikuwerenga +35. Mwaitembenuza kuti iloze kummwera, yawerenga -5. Pakanapanda chosokoneza, nambalazi zikanafanana kukula, ina + ina -. Ziphatikizeni n'kugawa pawiri, mupeza 15. Amenewo ndiye maginito a m'foni. Chotsani 15 pa 35, kwatsala 20, omwe ndi a dziko. Polemba 8 uja, mumalozetsa kasensa mbali zambirimbiri kuti foni ichite masamu omwewa pa x, y ndi z. Uku ndiye kuchita calibration.

Komatu chenjerani. Calibration imachotsa zosokoneza za m'foni momwemo, osati zakunja. Kuno kwathu sola imayenera kuyang'ana kumpoto, poti tili kummwera kwa equator. Wina akakwera padenga la malata n'kumafufuza kumpoto ndi foni, malatawo amunamiza, ngakhale alembe 8 kakhumi. Atsike kaye, ayezere pabwalo patali ndi zitsulo.

Yesani nokha. Ikani pulogalamu yaulere ya phyphox, tsegulani magnetometer, kenako sendezani msomali pafupi ndi foni. Ndi malo ati pafoniyo pomwe nambala zikulumpha kwambiri? Kasensa kali pamenepo.