Mthunzi wa pa boti, wosokedwa ku Mbare

Anthu akaona kaboti kojambulidwa pa chikwangwani cha shopu yanga ku Siyaso, ku Mbare mu Harare, amayamba aseka kaye. Ku Mbare kulibe nyanja. Madzi amene tili nawo pafupi ndi a mtsinje wa Mukuvisi, omwe ngakhale bakha amanyansidwa nawo. Komatu ukayenda makilomita oposa 30 potsata msewu wa ku Bulawayo umafika ku Lake Chivero, damu limene anatseka pa mtsinje wa Manyame mu 1952, ndipo kumeneko kuli makalabu ngati Jacana Yacht Club kumene anthu amaseweretsa maboti a thanga. Nsima yanga ya tsiku ndi tsiku imachokera ku malona a malole, matenti a pamaliro ndi pa ukwati, ndiponso maneti otchingira magalimoto pakhomo. Za maboti zimabwera mwa apo ndi apo, koma ndi zimene zimandigoneka mochedwa.

Bambo anga anachokera ku Nkhotakota nthawi ya chitaganya, pa galimoto zija ankati Ulere, nakhala telala wa pakhonde ku Highfield mpaka kumwalira osabwerera kumudzi. Anakula akuonerera ngalawa za matanga zikudula nyanja pa nyengo ya mwera. Tsiku limene ndinawauza kuti ndapeza ntchito yosoka mthunzi wa boti, sanatukule ngakhale mutu pa makina. Anangoti, “Mwanawe, nsalu iliyonse ukaikweza pa boti yasanduka thanga. Mphepo sidziwa kuti iwe umafuna mthunzi chabe.” Ndinayankha kuti ndamva, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ndinapita kwa anyamata owotcherera zitsulo, anandipangira felemu ya tsindwi ngati ya shedi ya pamsika, ine n'kuyalapo lona wa lole, wobiriwira, wokhuthala bwino. Pamtunda chinkaoneka chaulemu. Mwini boti anachitengera kumadzi mu August, mwezi umene mphepo ya kuno imanyamula fumbi ndi mapepala m'misewu yonse. Lolemba m'mawa anandipeza ndikutsegula shopu. Sanalankhule zambiri. Anangoika pa tebulo langa misomali inayi yopota, uliwonse uli ndi kachidutswa ka boti kokakamira kunsonga. Mphepo inalowa pansi pa lona, n'kuzula tsindwi lonse pamodzi ndi mizu yake. Ndalama ndinabweza, ndipo bambo anandiseka mwezi wathunthu.

Masamu ake ndinawaphunzira pambuyo pake. Mphepo yothamanga makilomita 36 pa ola imakankha sikweya mita imodzi ya nsalu ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 5 ikaimenya pamaso. Lona wa mamita 2 uku ndi 2 uku ndiye kuti walandira makilogalamu 20. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi: makilogalamu 80, kuposa thumba ndi theka la simenti, ndipo katunduyo ali m'mwamba, pa boti lopepuka lomwe limapendekeka munthu mmodzi akangosuntha pokhala.

Malo amene timafuna kutchingawo ndi kadzenje kakumbuyo kwa boti, komwe amakhala wogwira tsigiro ndi anzake. Eni maboti amati cockpit. Pamwamba pake pamadutsa bumu, mtengo wopingasa umene umagwira m'munsi mwa thanga. Boti likamatembenuka, bumu imasesa kuchokera mbali ina kupita ina, nthawi zambiri pa msinkhu wa mutu wa munthu wokhala pansi. Pa bumupo pamatsika chingwe chokokera thanga, ndipo nacho chimafuna njira yake. Woyendetsanso ayenera kuliona thangalo nthawi zonse, chifukwa likayamba kunjenjemera m'mphepete ndi pamene amadziwa kuti walunjika kwambiri kumphepo. Choncho kasitomala akafika, ndisanamufunse za mtundu wa nsalu ndimamufunsa chinthu chimodzi: mthunziwo mukuufuna boti likuyenda, kapena litaima?

Ambiri, akaganiza bwino, amapeza kuti dzuwa limawapweteka ataima: aponya nangula, akuwedza, akudya, ana akusambira. Amenewa ntchito yawo ndi yosavuta ndipo ndimasangalala kuwauza kuti asawononge ndalama. Thanga likatsitsidwa, bumu imasanduka mtanda wa denga. Mumangoponya nsalu pamwamba pake, n'kumangirira ngodya zinayi m'mbali mwa boti. Ine ndimasokerera timatumba tiwiri kapena titatu topingasa, momwe mumalowetsamo mapaipi a pulasitiki a madzi aja, kuti nsalu itambasuke m'malo mogwera anthu pamapewa. M'mbali muzikhala motseguka. Mukatsitsa nsalu mpaka pansi mwamanga uvuni. Ndipo mfundo zake zikhale zomasuka ndi dzanja limodzi, chifukwa mvula ya mabingu ya November siitumiza uthenga.

Wofuna mthunzi boti likuyenda ndiye amafunika bimini. Dzinali ndi la tizilumba ta Bimini ku Bahamas. Ndi kadenga ka nsalu kokungidwa pa mapaipi awiri kapena atatu opindidwa ngati uta, okhala pa mahinji kuti mphepo ikakula muzingokapinda n'kukagoneka kumbuyo. Pano ndi pamene telala amaonekera. Sindivomera miyeso ya pa foni. Ndimakwera kombi ndi mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchito, tikafike pamene pali boti. Mwini wake akweze thanga, akoke chingwe mpaka bumu itsike pamene imathera, ine ndiyeze kuchokera pamenepo n'kusiya mpata wa chikhatho. Kenako akhale pa tsigiro monga amakhalira, ndiyeze pamwamba pa mutu wake. Mipata iwiriyi ikapanda kugwirizana, bimini iyenera kuthera kumbuyo kwa nsonga ya bumu, ndipo mthunzi wake umangokwanira woyendetsa yekha. Ena amakhumudwa. Mphwangayo tsiku lina anandinong'oneza kuti, “Amalume, bwanji tingokweza bumuyo?” Zimatheka, koma ndiye kuti thanga lidulidwe, boti lichepe mphamvu, ndipo imeneyo ndi nkhani ya mwini boti ndi wosoka matanga, osati ya ine.

Padenga pa bimini ndimaboola windo, n'kusokapo pulasitiki yoonekera ndi kachivindikiro kake, kuti woyendetsa akayang'ana kumwamba aone thanga. Mapaipi abwino ndi a stainless a mamilimita 22 kapena 25. Pa madzi athu opanda mchere aluminiyamu amakwana ndipo ndi wopepuka. Chitsulo wamba chopaka penti, chomwe chadzaza Siyaso yense, chimalira dzimbiri pa nsalu mvula yoyamba. Ndipo paliponse pamene mwendo wa felemu wakhudza boti, bawuti idutse mpaka kunsi, ikagwire kachitsulo kapena kathabwa kolimba. Phunziro limenelo ndinalilipira kale.

Pali maboti ena amene ndimakana. Timaboti ta mpikisano ngati Optimist wa ana, wa mamita 2.3, kapena Laser wa mamita 4.2, timagubuduka ngati mbali ya masewerawo. Woyendetsa amagwera m'madzi, n'kukadzutsa, n'kupitiriza. Muikepo denga ndi zingwe, ndiye kuti mwatchera ukonde woti mwana akodwemo ali pansi pa madzi. Kholo likaumirira, ndimalisokera chipewa cha khonde lalikulu chokhala ndi chingwe cha pachibwano, n'kuliuza kuti likagule malaya a manja aatali.

Tsono nsalu. Lona wa lole uja ndi wa PVC: salowa madzi, koma ndi wolemera ndipo sapuma, moti masana a October pansi pake pamakhala ngati m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Kanivasi wa thonje ndi wozizira bwino, koma mukamupinda ali wonyowa amachita chuku n'kuola. Nsalu yeniyeni ya ntchitoyi ndi ya acrylic, yomwe utoto wake umalowetsedwa mu ulusi usanalukidwe. Yodziwika kwambiri ndi Sunbrella ya ku America, imene inayamba kugulitsidwa mu 1961. Imalemera magalamu pafupifupi 300 pa sikweya mita ndipo siisuluka msanga, koma kuno imachita kuitanitsidwa ndipo mtengo wake umatsekula maso. Kwa ambiri ndimalangiza neti ya mthunzi yomwe timaika pa magalimoto, ya 80 kapena 90 peresenti. Mvula imadutsa, inde, koma mphepo nayo imadutsa pang'ono, mpweya wotentha umatulukira pamwamba, ndipo ikang'ambika siipitirira. Anzanga ena amati ndi yonyozeka pa boti. Ine ndimati boti silipita ku ukwati.

Chimene chimafa msanga si nsalu, ndi ulusi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, mu November ndi kumapeto kwa January. Ulusi wa nayiloni kapena wa thonje umafumbutuka nsalu ikadali yatsopano, msoko n'kumatseguka ngati nyemba youma. Funsani telala wanu kuti akuonetseni ulusi wa polyester wopirira dzuwa. Yang'ananinso timphete tolowetsamo zingwe: tikhale ta buraasi weniweni, ndipo pangodya pakhale nsalu zitatu kapena zinayi zosanjikiza. Tengani maginito. Tikakakamira, ndi chitsulo chongopakidwa mtundu.

Denga lililonse limagwira ntchito dzuwa likakhala pamwamba. Ikamakwana 3 koloko limalowera m'mbali, lina n'kumanyezimira kuchokera pa madzi, ndipo munthu amapsa nkhope ali mumthunzi. Anthu a ku Kariba, komwe kuli kotsika ndi kotentha koposa kuno, amalidziwa bwino vutoli. Mankhwala ake ndi otchipa moti ndimachita manyazi kulipiritsa: chitenje, chimene kuno amati zambiya, ndi mapegi a zovala asanu ndi limodzi. Mumachipachika mbali imene kuli dzuwa, boti likatembenuka n'kuchisamutsa. Ambulera yaikulu ya m'munda imathandizanso boti litaima pa tsiku la bata, koma muimangirire chingwe ku chogwirira. Kasitomala wina anabwera kudzandipempha kuti ndimusokere thumba la ambulera yatsopano, yachitatu chaka chimenecho. Ziwiri zoyambazo, akuti, anaziona komaliza zikuyandama chagada kulowera m'namasupuni.