Buku la mawebusayiti likulembedwa kwa Kasisi

Mukadina dzina la webusayiti pafoni yanu, foniyo imatumiza pempho ku kompyuta ina imene siizimitsidwa usana ndi usiku. Kompyuta imeneyi timaitcha seva, ndipo ingakhale ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku Frankfurt. Seva imayankha potumiza mafayilo, makamaka a mitundu itatu. HTML imanena zimene zili patsambalo: mutu, ndime, chithunzi. CSS imanena maonekedwe ake. JavaScript ndi imene imachititsa kuti batani likadinidwa pachitike kanthu. Tikayerekeza ndi nyumba, HTML ndi njerwa, CSS ndi pulasitala ndi penti, JavaScript ndi mawaya a magetsi. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kulemba mafayilo amenewa, kuwakonza akasokonekera, ndi kuwalumikiza ku Mpamba kapena Airtel Money kuti wogula athe kulipira ali pakhomo pake. Palibe matsenga. Zonse ndi malangizo olembedwa ndi munthu, mzere ndi mzere.

Ndinalembedwa ntchito ndi kampani ina ya ku Blantyre, koma masiku ambiri ndimagwirira kunyumba kwathu kuno kwa Kasisi, ndipo ndimakwera chitunda cha Thabwa pokhapokha kuofesi kukakhala msonkhano. Pambali pa ntchitoyi ndikulemba buku langa loyamba, lophunzitsa kupanga mawebusayiti, mafotokozedwe ake m'Chichewa.

Amene anandikankhira ku zimenezi ndi achinyamata omaliza Folomu 4 amene amabwera kudzafunsa poyambira. Ndikawalozera ku maphunziro a pa YouTube, bandulo imatha phunziro lisanafike pakati. Ndikawabwereka mabuku ochokera kunja, amapeza kuti wolembayo akuganiza kuti aliyense ali ndi laputopu yakeyake, intaneti yosaduka ndi khadi la ku banki logulira malo pa seva. Mwana wa kuno ali ndi foni yobwerekana ndi mchemwali wake, mwina ndi kompyuta ya kusukulu imene amaigwira kamodzi pa sabata. Nzeru ali nazo. Chimene akusowa ndi buku lolembedwa ndi munthu wodziwa mmene zinthu zilili kuno kuchigwa.

Nthawi yolembera ndiyo imavuta. Tsiku lonse ndi la abwana, ndipo pofika madzulo mutu umakhala utatopa ndi kusaka zolakwika m'mapulogalamu a makasitomala. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Chikwawa sikulola munthu kuganiza bwino masana, ngakhale laputopu imatentha mpaka kuyamba kuchedwa. Choncho ndimalemba mbandakucha, kunja kusanayere, ndipo Loweruka ndimaliika padera kuti ndiyese zitsanzo. Maliro akagwa m'mudzi buku limadikira, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pali nkhani ina imene aliyense wolembedwa ntchito ayenera kuimvetsa asanayambe. Pulogalamu imene ndimalemba pa nthawi ya ntchito si yanga, ndi ya kampani ndi makasitomala ake. Sindingatenge tsamba lolipirira limene ndinapangira sitolo ya munthu n'kuliika m'buku, ngakhale litakhala chitsanzo chabwino chotani. Ndinawauza abwana anga poyamba pomwe kuti ndikulemba buku, ndipo chitsanzo chilichonse ndimachipanga chatsopano, pa nthawi yanga, pa makina anga.

Kulemba buku la luso kumasiyana ndi kulemba nthano pa chinthu chimodzi chachikulu: chilichonse chimene walemba chiyenera kugwira ntchito m'manja mwa munthu wina amene sungamuone. Mu pulogalamu, kachizindikiro kamodzi kakasowa tsamba lonse likhoza kutuluka loyera mbee. Ine ndikaona zotere ndimadziwa poyang'ana. Wophunzira amene ali yekha ku Bangula kapena ku Ngabu amangoganiza kuti mutu wake ndi wouma, n'kutseka buku osadzalitsegulanso. Ichi ndicho chimandiopsa kuposa china chilichonse. N'chifukwa chake chitsanzo chilichonse ndimachikopera ndi manja kuchokera papepala, monga mmene adzachitire wowerenga, kenako n'kuchitsegula pafoni yotchipa, pamalo pamene netiweki imavuta. Mutu umodzi umatenga nthawi yaitali kuuyesa kuposa kuulemba.

Vuto lina ndi loti ntchito yathu imathamanga kuposa makina osindikizira. Zida zimene timagwiritsa ntchito kuofesi, monga React imene Facebook inatulutsa mu 2013, zimasintha kawirikawiri, moti zimene walemba chaka chino zikhoza kukhala zachikale buku lisanafike m'sitolo. Anzanga ena amati buku lopanda zida zamakonozi ndi lotsalira. Sindigwirizana nawo. Tim Berners-Lee anapereka ganizo la World Wide Web ku CERN mu 1989, ndipo tsamba lolembedwa m'HTML ya masiku oyambirirawo likutsegukabe lero. JavaScript inabwera mu 1995 ndipo React yomweyo yakhazikika pa iyo. Munthu wodziwa maziko atatu aja, HTML, CSS ndi JavaScript, adzaphunzira chida chilichonse chatsopano payekha. Buku langa laima pa maziko, ndipo zida zosinthasintha ndidzangozitchula m'mutu womaliza.

Magetsi nawonso anandithandiza kusankha zolemba. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pafupi ndi kwathu kuno, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mwana amene anadutsa m'nyengo imeneyo sangapatsidwe buku lofuna intaneti patsamba lililonse. Theka loyamba la buku langa limangofuna pulogalamu yolembera mawu ndi Chrome kapena Firefox, basi, popanda bandulo. Zolemba zanga ndimazisunga ndi Git, chida chimene Linus Torvalds anapanga mu 2005, chimene chimakumbukira kusintha kulikonse kumene wachita pafayilo. Netiweki ikapezeka ndimatumiza kope pa intaneti ku GitHub, kuti ngakhale madzi atalowa m'nyumba ntchito isapite ndi Shire.

Chitsanzo chachikulu chimene wowerenga amamanga kuyambira mutu woyamba ndi tsamba la kalabu ya alimi a thonje: mayina a mamembala, makilogalamu amene aliyense wagulitsa, ndi ndalama zimene akuyembekezera. Ndinasankha chimenechi chifukwa wophunzira wa kuno akudziwa kale mmene masamu ake amayendera. Akaona kuti kompyuta yawerengetsa molakwika, azindikira msanga ndipo abwerera kukafufuza mzere wolakwikawo.

Za ndalama ndinene mosabisa. Buku lotere sililemeretsa munthu m'Malawi muno. Ogula ndi ochepa, kusindikiza n'kodula, ndipo kope limodzi likafika pasukulu limajambulidwa pa fotokope mpaka kalasi yonse. Bungwe la COSOMA lilipo kuteteza ntchito za olemba, ndipo ndidzalembetsa buku langa kumeneko, koma amene akuganiza zosiya ntchito kuti alembe buku loyamba ndikumuuza kuti asatero. Malipiro a pamwezi ndi amene amagula solala ndi bandulo, ndipo mavuto a kuntchito ndi amene amakuphunzitsa zoyenera kulemba.

Mitu yoyambirira yatha ndipo ikufunika kuyesedwa ndi anthu amene sanalembepo pulogalamu. Aphunzitsi a masekondale a ku Chikwawa ndi ku Nsanje amene muli ndi kompyuta ngakhale imodzi pasukulu panu, ndilembereni. Ndikutumizirani mitu imeneyi kwaulere, ophunzira anu aiyese, kenako mundiuze tsamba ndi mzere pamene akakamira.