Chifukwa chake madokotala amayeza impso asanakonze vavu ya mtima

ALBERTON, South Africa: M'zipatala zothandiza odwala mtima, monga cha Netcare Alberton chomwe chinatsegulidwa m'chaka cha 2022 m'malo mwa zipatala za Union ndi Clinton, madokotala amayamba ayeza impso za wodwala asanagwirizane za njira yokonzera vavu yake.

Chifukwa chake n'chakuti ziwalo ziwirizi zimadalirana. Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a magazi amene mtima umapopa. Vavu ya mitral, yomwe ili kumanzere kwa mtima, ikamalephera kutseka bwino, magazi ena amabwerera m'mbuyo ndipo ofika ku impso amachepa. Zikatero impso zimasunga mchere ndi madzi m'thupi, miyendo imatupa, ndipo mtima wofooka kalewo umalemedwa koposa.

Pa opaleshoni yotsegula chifuwa, mtima umaimitsidwa ndipo makina ndiwo amayendetsa magazi. Izi zimatha kuvulaza impso, makamaka za okalamba ndi za odwala shuga, mpaka ena kufunika makina otsuka magazi.

Njira yatsopano sifuna kutsegula chifuwa. Dokotala amalowetsa kachubu mu mtsempha wa pantchafu mpaka kukafika mumtima, n'kumanga mbali ziwiri za vavuyo ndi kachipangizo kopanira. Kodziwika kwambiri ndi MitraClip, komwe kanaikidwa koyamba mwa munthu m'chaka cha 2003. Kafukufuku wa COAPT wa m'chaka cha 2018, wokhudza odwala 614, anapeza kuti m'zaka ziwiri anthu 29 mwa 100 alionse oikidwa kachipangizoka anamwalira, poyerekeza ndi 46 mwa amene analandira mankhwala okha.

Njirayi imadalira zithunzi za sikani, choncho kawirikawiri sifuna mankhwala a ayodini obayidwa mu mtsempha, omwe amatha kuvulaza impso zofooka. Mankhwalawa amagwiritsidwa ntchito pa TAVI, njira yoika vavu yatsopano ya aortic, yomwe Alain Cribier anayamba mumzinda wa Rouen ku France m'chaka cha 2002.

Komabe chiopsezo sichitheratu. Impso za odwala ena zimayambanso kugwira bwino ntchito vavu ikakonzedwa, koma amene impso zawo zinawonongeka kwambiri sapindula mofanana ndi anzawo. Muyeso wa eGFR ukakhala pansi pa 60 kwa miyezi yoposa itatu, ndiye kuti munthu ali ndi matenda a impso okhalitsa.

Ku Malawi mavavu a ana ndi achinyamata ambiri amawonongeka kaamba ka zilonda za kukhosi zoyambitsidwa ndi mabakiteriya zomwe sizinachiritsidwe ndi penisilini. Vavu yotere imatha kuuma ndi kupanikizika, ndipo MitraClip sithandiza. Makina otsuka magazi nawonso ndi ochepa, ndipo m'zipatala za boma odwala amadalira zipatala zochepa monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. N'chifukwa chake aliyense wodwala vavu ayenera kuyezetsa impso kawirikawiri ndi kupewa mankhwala monga diclofenac ndi ibuprofen popanda uphungu wa dokotala.